Lantana wa Pamanda a Bambo

Bambo anga anagona m'manda a papulazi pafupi ndi Selous, kumene anagwira ntchito ya fodya mpaka mphamvu kuwathera. Ife ana a anthu ochokera ku Malawi tinalibe mudzi wokaikako maliro, choncho mwini pulazi anatipatsa kangodya ka munda. Mwala wa pamanda sitinaukwanitse. Amayi anangodzala lantana kumutu, chitsamba chaminga cha timaluwa tofiira ndi tachikasu, kuti asadzataye pamene pagona mwamuna wawo. Mabanja ena ataona, nawonso anadzala.

Koma lantana sadziwa malire. M'zaka zimene ndinkaphunzitsa ku Waverley, m'tauni ya Kadoma kumene ndinkakhala ndi amayi, anakuta manda onse n'kulowerera kumsipu, ndipo ng'ombe za mwini pulazi watsopano zinayamba kufa zitadya masamba ake. Oyang'anira zachilengedwe ochokera ku Chegutu anamusiyira kalata yoti achotse chomeracho, apo ayi alipira chindapusa. Iye anatitumizira uthenga kuti tikapanda kulambula tokha pofika Loweruka, alowetsa thirakitala.

Ndinapsa mtima. Kwathu mtengo wa kumanda sudulidwa, ngakhale nkhuni sititolako. Ndinakwera kombi kupita ku ofesi yawo, nditakonzeka kulalata ndi Chingerezi changa chonse cha uphunzitsi. Mayi amene analemba kalatayo anandimvetsera mpaka ndinatopa ndekha.

"Ndamva, aphunzitsi," anatero, "koma mutemo, lamulo la boma, sunapatule manda. Ndikasiya chitsa chimodzi, mbalame zifesa pulazi yonse."

Chinandiwawa n'chakuti sankanama.

Loweruka tinapita ndi zikwanje ndi makasu. Amayi anagwada polowera, n'kuwomba m'manja kupepesa ogonawo. Pa mantha a thirakitala, palibe anaganiza zokhoma zikhomo zosonyeza pamene pagona aliyense tisanayambe, ngakhale ine wophunzirane. Tinadula, tinazula zitsa, tinatentha. Pofika masana panali mbee, mitumbira yonse itafafanizika kalekale ndi mvula ndi mizu.

"Amayi, bambo ali pati?" ndinafunsa.

Anayenda pang'ono n'kuima. Anabwerera, n'kuimanso pena.

"Mwanangu, ine ndinkadziwa kanjira kanga ka m'tchire, ndinkawerama pawiri kenako n'kukhota. Pambalambanda pano sindikuwaona."

Ndinachita manyazi, chikwanje chili m'manja. Mayi wa ku ofesi uja atabwera kudzayendera, anayamikira ntchito yathu, ndipo mwini pulazi sanalipire kanthu.

Amayi anapitakonso kangapo, kumayesa mapazi kuchokera kumsewu, koma ulendo uliwonse ankathera pamalo ena. Atadwala matenda awo omaliza, ndinawauza kuti tidzayerekeza malowo n'kuwagoneka chapafupi ndi bambo. Anapukusa mutu.

"Iyayi. Zoyerekezazo mudzandigoneka pambali pa mwamuna wamwini. Mudzandiike ku Kadoma konkuno, ndekha."

Tinachita monga ananenera.