Loboti M'buku la Nyimbo la Adadi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 5, tikukhala ku Zingwangwa, pamene kampani ina ya ku Japan inatsala pang'ono kuchotsetsa bambo anga, a Makwinja, pa ukulu wa mpingo.

Kuseri kwa msika kunali vidiyo sho ya a Likoswe, kachipinda ka malata kotentha ngati uvuni, konunkha thukuta ndi zitumbuwa. Loweruka masana ankaonetsa makatuni. Amene tinkawafera anali a loboti wina wamaso achisoni, woyendetsedwa ndi kamtsikana kopanda mantha. Koma tepi yake inkathera poipa: loboti akulendewera kuphompho ndi dzanja limodzi, kenako zilembo za Chijapani n'kuyamba kukwera pasikirini ngati nyerere.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "A Likoswe, pati thuu mubweretsa liti?"

"Kulibe, mwanawe," anatero akupukuta tepi ndi malaya. "Kampani yake inatseka. Inayamba ndi anthu ochepa m'kachipinda ngati kano, kujambula tinyama, kenako maloboti. Zinthu zitavuta, aliyense ananyamula pensulo yake n'kumapita."

"Pensulo? Ndiye kuti amajambula pamanja?"

Anatenga kope lakale, n'kuika kadontho pakona pa masamba angapo, kenako n'kuwathamangitsa ndi chala chachikulu. Kadontho kaja kanadumpha! Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima: ngati Ajapani alephera, ine Tadala ndimupulumutsa lobotiyo.

Vuto linali mapepala. Makope anga anali opyapyala, komanso aphunzitsi ankawayendera. Buku lonenepa m'nyumba mwathu, la masamba ofewa oterera bwino pachala, linali buku la nyimbo la Adadi. Iwo nyimbo zonse ankazidziwa pamtima. Bukulo ankangolipana m'khwapa kuti aoneke bwino. Kwa milungu iwiri, ndikaweruka kusukulu iwo akadali kuntchito, ndinkajambula ndi pensulo pakona pa tsamba lililonse. Nditamaliza, loboti anakwera phompho lonse m'kanthawi kongokwana kuyetsemula. Milungu iwiri yathunthu! Komabe ndinanyada ngati ndamanga nyumba.

Lachinayi lina madzulo, mapemphero a mlaga, a akhristu a m'dera lathu, anachitikira kwathu. Panabwera mayi Namaona, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, amene ankatha kuona Satana ngakhale m'matayala a minibasi. Anali ataiwala buku lawo, ndipo Adadi mwaulemu anawabwereka lawo. Pamene ankasaka nyimbo, chala atanyowetsa ndi malovu, masamba anathamanga, loboti n'kukwera phompho iwo akuona.

"Mayo ine! Chikuyenda! Muli chinthu chamoyo m'bukumu!"

Analiponya pansi. Wina anagwetsa benchi pothawa, wina anayamba kale kudzudzula ziwanda. Mayi Namaona analoza Adadi chala. "A Makwinja, n'chifukwa chake ndimadabwa nayo njinga yanu yatsopano ija! Nkhaniyi ikafika kwa abusa lero lomwe."

Adadi anawerama n'kutola buku lija. Ine ndinali kuseri kwa katani yolowera kuchipinda. Ndinaganiza zothawira kwa azakhali ku Chilobwe, koma miyendo inanditengera pabalaza. Ndinagwada.

"Ndajambula ndine. Ndi loboti wa ku Japan. Kampani yake inatseka."

"Mwamva!" anakuwa mayi Namaona. "Zafika mpaka ku Japan!"

Ndinachita kuwaonetsa tsamba limodzilimodzi, pang'onopang'ono, kuti akhulupirire kuti ndi pensulo chabe. Ena anayamba kuseka chobisa, ndipo bambo wina anapempha kuti ayeseko naye. Mapemphero a tsiku limenelo anatha msanga.

Alendo atapita, Adadi anandiitana. Ndinkayembekezera lamba. Iwo anakhala pampando, n'kuthamangitsa masamba aja kamodzi, kawiri, katatu.

"Mwendo wakumanzerewu ukutsalira," anatero. "Koma wapulumuka eti?"

"Eya, Adadi."

"Chabwino. Tsopano tenga labala. Tsamba lililonse uziyamba waimba vesi yoyamba ya nyimbo yake, kenako uzifufuta. Ajapani akowo kulephera analephera, koma ankajambula pa mapepala awo."

Ndinaimba ndi kufufuta sabata yonse. Nditafika pa nyimbo zamaliro, aneba anabwera kudzafunsa kuti watisiya ndani.

Posachedwapa ndinafufuza za kampani ija pafoni. A Likoswe sananame zonse. Inalikodi, inapanga nthano zambiri za pa TV zimene sizinafikeko ku Zingwangwa, ndipo inatsekadi, ojambula ake n'kumwazikira kwina. Chimene anandibisira n'chakuti pati thuu inalipo. Iwowo ndi amene analibe.

Lero ndikumvetsa kuti cholinga chabwino sichisandutsa chinthu cha mwini kukhala chako, ndiponso kuti masewera a mwana akhoza kugwetsa dzina limene munthu walimanga zaka zambiri. Kuulula kunanditengera kugwada kamphindi kamodzi. Ndikanakhala chete, bambo anga akanayenda chowerama m'Zingwangwa monse, pa mlandu wa pensulo yanga.