Madzi a pansi pa chitseko

Ayi, si mankhwala. Uwauze amako ku Lusaka kuti si mankhwala, ni madzi chabe a pa mjigo. Ati chifukwa chiyani ndimathira madzi pakhomo ngati mfiti? Lemba bwino iwe, usadumphe mawu.

Boma litangobwera kuno ku Rufunsa, kunabwera anthu a maofesi ambiri, nyumba zosakwana. Mmodzi anachita lendi nyumba ya malata ija kuseri kwa msika, pafupi ndi pomwe ndinkagulitsa tomato. Bambo waulemu, wa mataye, ankandiitana kuti amama. Anabwera ndi galu wake wa ku tauni, wofiira, wamakutu ogwa, wosadziwa n'komwe kuthamangitsa nkhuku.

Chizolowezi chawo, Lachisanu akwera basi kukaona banja. Iye ankatsekera galu m'nyumba kuti alonde TV, kumusiyira madzi m'beseni, Lolemba wabwera. Ulendo wina sanabwere. Tinamva mochedwa kuti amayi ake anamwalira, maliro anakawaika kutali kumudzi.

Unali mwezi wotentha uja, malata akulira okha. Poyamba galu ankauwa. Anyamata a maminibasi nkumaseka, ati, "Ba mlonda afuna malipiro!" Kenaka kuuwa kunasanduka kulira ngati mwana wa chimfine. Kenaka zii.

Ukuti bwanji osathyola chitseko? Iwe mwana, loko wa munthu sagwiridwa, makamaka wa boma. Mawa akanena kuti TV yasowa, ndani akagone m'chitokosi? Mkazi wogulitsa makala pafupi nane anati, "Ambuya, mufuna kumangidwa chifukwa cha galu? Ngakhale kumwamba sakakulembani."

Ndinapita masana ndi chigubu. Mawindo otseka, zitsulo mbali zonse. Pansi pa chitseko panali kampata kongolowa chala. Ndinathira madzi pasimenti, anayenderera kulowa. Ndiye ndinaona lilime. Lilime lokha, louma, lotuwa, likutuluka pansi pa chitseko kunyambita simenti. Lyaa, lyaa. Lemba zimenezo. Ndinamukankhira kapenta ndi kamtengo, koma ankafuna madzi basi.

Ndinayamba kuyenda m'maofesi ndi chitenje changa cha tomato. Ine wosaphunzira, sindinkadziwa kuti nkhani ya galu imakanenedwa pa khomo liti. Ndikayamba, "Kuli galu," anthu ankaganiza kuti wandiluma, nkundilozera ku kiliniki. Mtsikana wina wosesa ndiye anati, "Funsani dokotala wa ziweto." Dokotalayo naye anali kumidzi, ku Mpanshya uko, kubaya ng'ombe jekeseni. Ndinasiya uthenga kwa aliyense wa njinga wopita kumeneko, ine nkubwerera kukathira madzi, m'mawa, masana, tomato wanga akuphikika padzuwa.

Atabwera dokotala uja, sanaseke ayi. Anafunafuna nambala, kuyimbira mwini nyumba, kuyimbira mwini galu. Mwini galuyo pafoni anangoti, "Mayo, galu! Thyolani!" Anali ataiwaliratu ndi maliro. Dokotala anaitana mboni, nkumenya loko ndi nyundo kamodzi chabe. Kamodzi, mwana wanga. Masiku onse aja, chinthu cha kamodzi.

Fungo lake sindikamba. Galu anatuluka nthiti zili pamtunda, mphuno yosupuka ndi chitseko, zikhadabo zatha. Dokotala anati tisamupatse madzi ambiri nthawi imodzi. Anandiuzanso kuti, "Amama, mukaonanso zotere, nenani tsiku lomwelo, nkhani yake ni yathu."

Bambo uja atabwera analira, anachita manyazi, nkundisiyira galuyo. Koma sanakhalenso galu. M'nyumba sankalowa ngakhale mvula ya matalala. Ndikamuikira madzi m'mbale ankangoyang'ana. Mpaka nditathira pakhomo, ndiye agone chamimba, anyambite pansi. Nyengo ya mvula isanathe anafa, pansi pa mpapaya uwo.

Manje masiku ano, dzuwa likafika pamutu, malata akayamba kulira, ndimamva lyaa, lyaa pansi pa chitseko changa. Abusa anandipempherera, ati ni maganizo. Kaya. Ine ndimangothira kapu imodzi, phokoso nkuleka. Madzi kapu imodzi alakwira ndani?

Ndamva kuti amako nawonso agula galu wolonda nyumba. Uwauze kuti akamabwera kuno pa Khirisimasi, makiyi asiye kwa aneba, ndipo awauze kuti loko ni wothyola. Walemba? Usakonze kalikonse. Tumiza manje, netiweki isanathawe.