Bwana Amene Anadya Nkhuku ya Alamu

Lachiwiri nditaweruka ku ntchito ndinapeza alamu anga, amake Dalitso, atakhala pakhonde pathu ku Chilenje mu Lusaka muno, fumbi la basi ya ku Katete lili mbuu m'mutu. Ndi mkazi wa malemu mkulu wanga, ndipo ana onse akulera okha. Pambali pawo panali kathumba ka mtedza.

Mukudziwa kuti chaka chino mvula inadula chimanga chisanamasule. Wailesi inalengeza kuti Chipani ndi Boma lake apereka ndalama kwa alimi amene mbewu zawo zapsa ndi dzuwa. Ine ndinaomba m'manja pano pomwe.

"Nanga thandizo lija, alamu, mwalandira?"

"Akuti ife sitili pa njala."

"Watero ndani?"

"Bwana amene anadya nkhuku yanga."

Nkhani yake ili motere. Boma linatuma mkulu wina wa jekete kuyendera makomo kuti aone amene avutikadi. Kwa alamu anafika dzuwa lili pamutu. Mlendo wochokera kutali, wa boma, angachoke pakhomo ndi njala? Alamu anasesa bwalo, anabwereka ufa woyera, ana anawaveka za ku tchalitchi, ndipo nkhuku yomaliza inaona mpeni. Bwana anadya, anasamba m'manja, anathokoza mwaulemu. Kenako anakanena kuti pakhomopo zinthu zili bwino.

Khomo loyandikana, kumene anamupatsa madzi okha, thandizo linafika.

Bwanayo sindikumunena ayi. Anaona ndi maso, analawa ndi pakamwa. Kafukufuku woposa apa ndi uti?

Ndipo ife a mu Lusaka tisaseke. Pamzere wa ufa timaima titamanga tayi. Mnzanga wina wa ku Woodlands amasungira alendo shuga m'kabati yokhoma, ana ake akumwa tiyi wopanda kanthu. Tonse tinaleredwa choncho: njala imakhala kuchipinda, pabwalo pamakhala ulemu. Koma amene anakonza za thandizoli, m'maofesi a m'tauni muno, akufuna kuti wanjala aoneke wanjala. Kodi iwo anabadwira kuti? Kwawo mlendo amamulandira bwanji?

Kapena tiyambe kuphunzitsa amayi athu kumana alendo. Nduna ilengeze pa wailesi kuti ukaona jekete, bisa nkhuku, vula ana malaya. Zikanandiseketsa ndikanakhala kuti sindikuwadziwa ana a mkulu wanga. Koma ndikuwadziwa, ndipo zikundipweteka.

Ndinalonjeza alamu kuti mawa ndikagogoda maofesi. Iwo anangoti zikomo, ngati munthu amene wamva kale malonjezo.

Madzulo mkazi wanga anakazinga mtedza uja, tonse tinazungulira mbale. Unali waukuluukulu, wopanda wofumbwa ngakhale umodzi.

"Ba mulamu, iyi yeve ni yabwino maningi," anatero mkazi wanga, mwana wa mu Lusaka, poyamikira mtedzawo m'kayankhulidwe ka m'tauni. "Mu chilala so, munaipeza kuti?"

"Ndi wa mbewu umenewo. Ndinasungira kudzala."

Mbale inali itatsala makoko.

"Alamu! Bwanji osanena?"

"Nanga ndikanabwera chimanjamanja kwa eni nyumba?"

M'kamwa mwanga munali modzaza. Ndinameza, poti kulavula sikukanabweza kanthu.

Bwana wa jekete anadya nkhuku yokha. Ine ndadya munda wa chaka chamawa, ndipo ndinathiramo mchere. Tsono ku ofesi kuja ndikadandaule za ndani?