Mbaula ya Mankhusu ya Ababa

Kwathu ku Chia, chakumtunda kwa madambo a mpunga, nyumba yathu sinkasowa. Mlendo akafunsa njira ankangomuuza kuti ayende mpaka aone nyumba yozunguliridwa ndi zitini. Ababa anga, a Juma, sankataya kanthu. Chitini cha mkaka chinkasanduka koloboyi, tayala lakutha la galimoto linkasanduka nkhwayira, ukonde wong'ambika unkatchinga nkhuku. Mabatire a wayilesi ankawayanika padenga la nkhokwe ngati usipa, amvekere dzuwa limawabwezera mphamvu, ndipo wayilesiyo inkanong'onadi kanthawi kenako n'kukomokanso. Zimene sanazipezere ntchito ankaziunjika kuseri kwa khitchini: miphika yosweka, mabotolo, zidutswa za bwato lovunda, ndi nkhafi yothyoka imene malemu agogo ankapalasira. Anafe tinkaletsedwa kukhudza ngakhale msomali.

Ine ndinali woyamba kubadwa, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Nthawi imeneyo nkhuni zinali zitayamba kutalikira. Owamba nsomba anali atatha mitengo yapafupi, ndipo kunkhalango ya boma kunali alonda omwe akakupeza ndi nkhwangwa unkabwerako chimanjamanja. Katatu pa sabata ine ndi amayi tinkalawirira kutchire, n'kubwera dzuwa litatentha, khosi lili gwa. Kusukulu ndinkafika anzanga atamaliza masamu, aphunzitsi n'kundipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Maenje a pasukulu paja ambiri ndinakumba ndine.

Tsiku lina ababa anapita ku Dwangwa kukaona mbale wawo, ndipo anabwerako maso akuwala. Kumeneko anaona kalipentala wina akuphikira utuchi wa matabwa m'chitini. Kwathu utuchi kunalibe, koma mankhusu a mpunga anali mbwee pakhomo lililonse, nkhuku n'kumangopalasa. Anatenga chitini chachikulu cha palafini, chimene tinkachitcha debe, anachiboola chammunsi, anaimika munsi wa amayi pakati, n'kutsendera mankhusu mozungulira ndi chidendene. Atasolola munsi uja panatsala dzenje loongoka. Anati moto uzidutsa m'menemo ndipo banja la Juma latsanzikana ndi nkhuni.

Amayi analiyang'ana debelo, anayang'ana munsi wawo uli mankhusu okhaokha, n'kunena kuti, "Abambo ake Asiyatu, chimenechi muziwotha nokha panja. M'khitchini mwanga sichilowa."

Debe linakhala panja, koma ntchito inagwera ine. Madzulo alionse ndinkatumidwa ndi thumba kukasesa mankhusu pamitondo ya anthu. Amene sanasenzepo mankhusu a mpunga sadziwa kuyabwa. Amalowa m'tsitsi, m'khosi, m'khwapa, ndipo ukakanda ndiye wawaitana anzawo. Azimayi ankandifunsa mwachifundo ngati kwathu kwagwa njala. Ana anzanga anandipatsa dzina loti Namankhusu, ndipo linandikakamira mpaka ndinakwatiwa. Choncho ndinali ndi ntchito ziwiri, nkhuni za amayi ndi mankhusu a ababa, m'malo mwa imodzi imene ankati akundichotsera.

Mwayi wa ababa unabwera m'mwezi wa Ramazani. Kunamveka kuti ku Boma kubwera mtsogoleri wa dziko, ndipo atcheya a amayi a chipani anayenda nyumba ndi nyumba kulemba maina a okavina. Masiku amenewo kukana kunalibe, ndipo panalibe wofunsa ngati munthu wamanga, ndiye kuti akusala kudya, kapena ayi. Lole inabwera, amayi anakwera ndi nsalu yawo ya chipani, kukaphunzira nyimbo kwa masiku asanu. Fumbi la lole lisanathe, ababa analowa m'khitchini. Ananyamula mafuwa atatu a amayi n'kukachirikizira nkhokwe yomwe inapendekeka. Mtolo wa nkhuni umene ndinathyoka nawo khosi dzulo lake anakaupereka sadaka, mphatso yachifundo, kwa gogo wina wodwala, kuti ndisayesedwe. Debe linakhazikidwa pakati pa khitchini.

Chaka chimenecho n'chimene ndinayamba kumanga tsiku lathunthu, osadya osamwa mpaka dzuwa kulowa. Ndiye taganizirani munthu kukhosi kuli gwa, wagwada pansi, akuuzira kabowo ka debe. Mankhusu sayaka ngati nkhuni, amanyeka mwaulesi n'kumafuka utsi woyera wolowa mpaka m'chifuwa. Ndikati ndiuzire kwambiri, phulusa lonse kumaso. Ndikati ndilisiye, lazima. Masiku awiri oyamba, dzuwa litalowa, tinamasula kusala kwathu ndi chinangwa cholimba pakati, azing'ono anga akutafuna misozi ili m'maso, ababa akuti, "Mwamva kafungo kake? Nkhuni sizingatulutse kafungo kotere."

Tsiku lachitatu anandiuza m'mawa kuti aitana alendo odzamasula nafe: a mwalimu a kumadrasa kwathu, ndi a Bwanali, mwini makoka wolemekezeka m'dera lonselo. Ankafuna aone mbaula. Ndinafunika kuphika futali wa mbatata wothira nsinjiro, mpunga, ndi mlamba wowamba. Ndinawachonderera kuti andilole kubwereka nkhuni zochepa kwa anansi.

"Asiyatu, mwana wanga," anatero, "alendo akubwera kudzaona mankhusu. Nkhuni ali nazo kwawo."

Anatsendera debe okha, analiyatsa, n'kupita kumzikiti kukaswali, kupemphera kwa masana, atanena kuti abwera ndi alendo dzuwa likamalowa.

Poyamba zinkayenda. Mbatata zinayamba kuwira, ine mtima n'kukhala pansi. Koma nditakweza mphika kuti ndione moto, khoma la mankhusu lija linangoti khuu, kugumukira m'dzenje. Utsi unadzaza khitchini, nkhuku zinathawa, ine n'kutuluka chokwawa ndikutsokomola. Nditabwerera ndinapeza moto wazimiratu. Ndinakhuthula, ndinatsendera ndi munsi ngati mmene ankachitira ababa, ndinayatsa. Anagumukanso. Ndinayang'ana mthunzi wa mtengo wa mango uli pafupi kufika pankhokwe, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yatha. Anthu akuluakulu atatu omanga tsiku lonse adzakhala pamkeka, azana yoitanira kumapemphero idzamveka, ine n'kuwaikira mbatata zosapsa ndi mpunga wosaphika. Manyazi ake sakanakhala a debe. Mudzi wonse ukananena kuti mwana wa a Juma sadziwa kuphika, amake akangochoka pakhomo pagwa njala.

Ndinakhala pansi n'kulira pang'ono, koma ndi ludzu lija ngakhale misozi inkatuluka monyinyirika. Kenako mkwiyo unandidzutsa. Ndinazungulira kuseri kwa khitchini, pamulu woletsedwa paja. Ndinatenga miphika yosweka itatu n'kuivundikira pansi ngati mafuwa. Zidutswa za bwato zinali zofumbwa, zinangoyaka ngati udzu. Chimene chinatsala chooneka ngati nkhuni yeniyeni chinali nkhafi ya agogo. Ndinaigwira, ndinamva kusalala kwa pogwirira pamene manja awo anapadya zaka zambiri, ndinaibweza. Ndinayang'ananso mthunzi. Ndinaitenganso, n'kuiwaza ndi chikwanje.

Sindinaonepo mtengo woyaka bwino chotero. Moto wake unali wabata, wopanda utsi, ndipo futali, mpunga ndi nsomba zinapsa motsatizana. Nditamva mawu a anthu kumsewu ndinawola makala n'kuwathira m'debe, ndinakhazikapo mphika wa mpunga, ndinakwirira phulusa la kuseri ndi mchenga, n'kusamba kumaso.

Alendo anamasula ndi madzi, anaswali, anadya. A Bwanali anapempha futali kachiwiri. Atatha, ababa anawatengera kukhitchini. Debe linali phee, makala ofiira akuwala m'kati, popanda utsi n'komwe. A mwalimu anawerama, anagwedeza mutu, n'kunena kuti Mulungu sanalenge kanthu kopanda ntchito. A Bwanali anafunsa kukula kwa bowo, n'kuyeza ndi zala. Ababa anafotokoza zonse chifuwa chili patsogolo, ine ndili pakona ndikukanda m'khosi.

M'mawa mwake ndinaona ababa ataima kuseri kwa khitchini nthawi yaitali. Anatola kachidutswa ka nkhafi kamene kanathawa chikwanje, anakatembenuza, anafukula mchenga ndi phazi. Ndinadikira mkwapulo. Anangobwera pamene ndinkatsuka mbale n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Chakudya chonse chija?"

"Chonse, ababa."

Anaika kachidutswako m'thumba la malaya n'kupita kudambo. Sanandikalipire, ndipo zinandiwawa kuposa mkwapulo. Koma musaganize kuti anapita kukaulula kwa alendo aja. Pofika tsiku lobwera amayi, nyumba zinayi zinali ndi madebe, ndipo utsi unkafuka m'mudzi ngati akuotcha tchire.

Amayi anatsika lole mawu atasasa ndi kuimba, mapazi atatupa. Asanafike n'komwe pakhomo, akazi a a Bwanali anawaimitsa panjira, maso ali psuu ndi utsi, kuwafunsa chimene anawalakwira. Atalowa m'khitchini n'kupeza mafuwa palibe, anatuluka mwakachetechete, anapita kunkhokwe n'kuwasolola limodzilimodzi. Nkhokwe inapendekekanso, mabatire onse n'kugwera pansi. Mawu amene ananena madzulo amenewo sindingawalembe, poti unali mwezi wopatulika.

Komabe matumba asanu ndi awiri a mankhusu anali ataunjikana pakhonde, ndipo amayi, ngakhale ankawaseka ababa, nawonso sankatha kuona chinthu chosenzedwa ndi mwana wawo chikutayidwa. Nditawafotokozera za kugumuka kuja anangoti, "Chinthu chosagwirana chingaime bwanji?" Anaphika phala lamadzimadzi la ufa wa kondowole wotsalira pansi pa lichero, anasakaniza ndi mankhusu ndi dothi pang'ono la pachulu, anaumba mibulu ngati ya chigumu n'kuyanika padzuwa. Yoyamba inaphwanyika. Yachiwiri inakana kuyaka, dothi linachuluka. Yachitatu inayaka pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka nyemba kupsa, osasonkhezera. Kuyambira pamenepo kunkhuni tinkapita kamodzi pa sabata, Loweruka, ndipo maenje a kusukulu anayamba kukumba ena. Manja anga okha ndiwo sanapume, chifukwa woumba mibuluyo ndinali ine. Ababa ankauza aliyense wodutsa kuti nzeru yawo yatheka, amayi n'kumangopeta mpunga osatukula mutu.

Lero zinthu zinasintha. Kumene tinkatola nkhuni kuli minda ndi nyumba zamalata, ndipo mwana wofuna mtolo angayende tsiku lonse. Pamadenga pali timagalasi ta sola, ana amawerenga ndi magetsi a dzuwa, ndipo mankhusu sasesedwanso pamitondo, amaunjikana kuzigayo. Ababa anatisiya kalekale. Amayi ali moyo, ndimakhala nawo, maso achita khungu pang'ono koma manja akadali anzeru.

Chaka chatha kunabwera achinyamata a bungwe lina, ovala masikipa ofanana, kudzatiphunzitsa kusamala mitengo. Anatikhazika pansi, anatulutsa mankhusu, ufa wa chinangwa ndi dothi, n'kutiuza kuti iyi ndi njira yatsopano imene tiyenera kuilandira ndi manja awiri. Ndinamva kuyabwa m'khosi pomwepo. Ndinati ndiimirire ndiwauze kuti ndinayabwidwa nazo zimenezi iwo asanabadwe, koma amayi anandigwira chitenje. Anapempha mbulu umodzi, anaufinya, anaununkhiza, n'kuubweza kwa mnyamata wophunzitsayo.

"Phala lachepa, mwanangu. Ikauma iphwanyika."

Mnyamatayo anamwetulira mwaulemu, anati muyezo wake unalembedwa m'buku, n'kupitiriza phunziro. Patatha masiku anayi ndinamuona akubwera pakhomo pathu akukankha njinga, atanyamula beseni la zinyenyeswazi, akufunsa ngati agogo ali maso.