Madzi Amene Ndinawaona Ndili ku Nairobi

Kalata yondiitana kuntchito ku Nairobi itafika, amene anadula nkhani anali mkazi wanga Felesiya. "Pitani, bambo a Tadala. Sukulu yonse ija mukufuna ithere pothirira kabichi?" Ndinali mkamwini kwawo ku Mphunzi, ndipo digiri yanga inali itagona m'sutikesi zaka ziwiri. Ndinapita.

Ntchito yanga inali kuyang'anira madambo pa zithunzi za setilaiti. Makina ake, otchedwa rada, amaponya mafunde pansi n'kumvetsera obwerera, ngakhale kukhale mitambo. Madzi odekha sabweza kanthu, choncho pachithunzi amaoneka akuda. Tsiku lonse ndinkalemba malire a madontho akuda a m'mayiko amene sindinapondemo. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi. Wocheza naye ndiye ndinalibe. Anzanga akayamba nthabwala m'Chiswahili, ine ndinkaseka mochedwa. Pa nkhomaliro ndinkatsegula chithunzi cha dambo la ku Mphunzi n'kumangoliyang'ana.

Chaka chachiwiri ndinabwera ku tchuthi, ndipo pobwerera ndinamusiya Felesiya ali woyembekezera. Mvula inadula msanga. Mu Julayi anandiimbira foni.

"Kachewere ndibzale kumunsi kwa dimba kapena ndisiye?"

Ndinayang'ana pa kompyuta. Kumunsiko kunali kwakuda bii.

"Bzalani, mayi a Tadala. Madzi alipo, ndikuwaona."

Anaseka. "Chabwino, a kumwamba anena."

Mu Okutobala anatisiya ali kuchipatala, pamodzi ndi mwana amene ankayembekezerayo. Ndinafika maliro ataikidwa kale.

Patatha masiku atatu ndinatsikira kudambo. Pamene ndinkaona madzi panali dothi louma gwa, losalala ngati khonde lozira. Malo osalala chotero nawonso sabweza mafunde. Zimenezi ndinaziphunzira ku koleji, ndinakhoza nazo mayeso. Kachewere anali pomwepo, mizere yofota, ndipo kuchokera pamizerepo kanjira kopondeka kanatsetsereka mpaka kumtsinje. Kumeneko n'kumene Felesiya ankatunga madzi othirira ndi makeni awiri, m'mawa ndi madzulo, miyezi itatu. Sanandiuzepo. Adokotala sananene kuti ndi makeniwo, ndipo palibe wina wanena. Ine ndinakwera kanjirako kamodzi, chimanjamanja, ndipo ndinapuma kawiri.

Apongozi anga aakazi ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinakhala chapatali.

"Amayi, ndine ndinamuuza kuti madzi alipo."

Sanadzutse mutu. "Tinamva. Inu mukuyesa iye dambolo sankaliona? Ankapondapo tsiku ndi tsiku."

"Nanga anabzaliranji?"

"Ankati, bambo a Tadala ali kutali. Akanena kanthu ine n'kukana, adzaona ngati pakhomo pano alibepo mawu."

Anapitiriza kusankha nyemba zawo.

Madzulo ake amalume a Felesiya anandiitana. Analankhula mwaulemu kwambiri, n'kundiyamika kuti ndinawasamalira mwana wawo. Nthawi ya maliro ikatha adzandisudzula, monga mwa mwambo, kuti ndikhale womasuka. Tadala atsala ndi agogo ake. Dimba latengedwa ndi mng'ono wake wa malemu.

Sindikuwadandaula. Zaka zonsezi ndinkati Mphunzi ndi kwathu, osadziwa kuti malo anga pamudzipo ankandisungira munthu mmodzi, ndipo ankawasunga ndi msana wake. Lolemba ndikubwerera ku Nairobi. Mlamu wanga wayamba kale kugalauza dimba, kumtunda, pafupi ndi chitsime chakale. Sanandifunse kuti abzale pati.