Denga la Maambulera la a Yin Fugen

Kwa zaka makumi atatu a Yin Fugen ankakonza maambulera pakhomo la msika wa ku Taihe. Anthu atayamba kumangotaya ambulera yothyoka n'kugula ina, anapinda kampando kawo n'kubwerera kumudzi. Anabwera ndi matumba anayi a maambulera amene eni ake sanadzawatengenso.

"Nkhalamba iwe, anzako amabwera ndi mpunga, iwe wabwera ndi zinyalala!" anatero akazi awo, a Kuang Xiulian.

Mayiwa ankaweta nkhuku zoyera za nthenga zonga thonje, za khungu lakuda bii, zimene msuzi wake amapatsa mayi amene wangochira kumene. Bambo sankazilabadira n'komwe. Ankangokhala pakhonde manja ali lende, tiyi n'kumazizirira m'kapu.

Chaka chimenecho, mvumbi utangoyamba, mwana wawo wamkazi anachira ku Nanchang. A Xiulian anagwira nkhuku ziwiri zonenepa zoti apite nazo kwa mwanayo, n'kusiyira amuna awo khumi ndi zinayi.

"Zisanyowe, wamva?"

"Nkhuku imadziwa yokha kuusa mvula," anayankha bamboyo.

Tsiku lachitatu chimvula chinakhuthuka masana. A Fugen atasuzumira kuseri anakuwa. Nkhuku zonse zinali chiimire pakati pa bwalo, zitanyoweratu. Nthenga za nkhuku wamba zimatsetsereka madzi, koma izi zinawamwa ngati chiguduli. Zinaoneka zazing'ono ngati makoswe, khungu lakuda lili poyera, zikungoti njenjenje.

Anathamanga opanda nsapato, ziwiri m'khwapa, ina m'malaya, mpaka zonse zinalowa m'khitchini. Anakoleza mbaula, n'kumapukuta imodziimodzi ndi thaulo lawo losambira. Thadzi lina linali gone, maso litatseka. Analifungatira pachifuwa n'kumalinyengerera: "Iwe, usandichititse manyazi. Ukafa, mayi aja andiphika ine." Patapita nthawi linatukula mutu n'kuwajompha chala. Bamboyo anaseka yekhayekha mpaka misozi.

M'mawa mwake anakhuthula matumba aja. Anadula nsungwi, anazika mizati yofika m'chiuno, kenaka manja anakumbukira ntchito yawo. Apa kuwongola waya, apa kusoka chigamba, apa kumanga. Ambulera iliyonse inkasanjikizana ndi inzake ngati mamba a nsomba, kuti madzi azitsikira kungalande. Yofiira, yamaluwa, yakuda ya aphunzitsi ena ake, ina ya mwana yokhala ndi timakutu ta mphaka!

A Zeng oyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Amisiri, mwatsegula sitolo ya nkhuku? Zikulipirani mazira?"

"Dikirani igwe, muone!"

Inagwadi. Madzi anayenda pamwamba, pansi pali gwa, nkhuku zikupalasa mankhusu a mpunga, nthenga zili fuu. A Zeng anakaitana akazi awo, akazi awo anaitana anzawo, ndipo posakhalitsa anthu anali mbwee pampanda, mvula ikuwamenya, akuonerera nkhuku zouma.

A Xiulian atabwerera patatha mwezi, anaona mitundumitundu ija ali kumsewu. Anaponya chikwama pansi, analowa chowerama, n'kuwerenga nkhuku zawo kawiri.

"Zonse zilipo," anatero. Anayang'ananso m'mwamba. "Koma yamaluwayo ndi yanga, wakuba iwe! Ndakhala ndikuifuna chaka chonse."

Kuyambira pamenepo oweta nkhuku a m'midzi yozungulira anayamba kudzatenga a Fugen pa njinga zamoto kuti akawamangire madenga otere, aliyense atasonkhanitsa maambulera akeake othyoka. A Fugen, amene tsopano ali ndi zaka 67, mitambo ikangoda sakhazikika. Chimene chawakanika mpaka lero ndi tambala wa a Zeng. Ameneyo amakwera njerwa, n'kudumphira pamwamba penipeni pa denga la maambulera, n'kumalira mvula ikumukhuthukira, ndipo amuna awiri akuluakulu, a Fugen ndi a Zeng, amamuthamangitsa ndi thaulo.