Mafilimu a mphoto ku Lisungwi

Zaka zimene ndinkaphunzitsa ku Lisungwi, nyumba yanga ya lendi inagundizana ndi ya namwino wina wochokera ku Rumphi. Anali wamkulu kwa ine, choncho ndinkangoti achemwali. Ndi iwowa amene anandiuza kuti kunjaku mafilimu amapikisana, ndipo kumayambiriro kwa chaka ena amalandira mphoto.

Mvula ikafika pachimake, achemwali ankakhalira kuwerenga za mipikisanoyo pa foni. Mayina a mafilimu ankawalemba kuseri kwa kalendala, kenako n'kuuza mlongo wawo ku Blantyre kuti awaikire pa fulashi. Fulashiyo inkabwera ndi kondakitala wa minibasi, itakulungidwa m'kapepala ngati mankhwala. Nthawi zina tinkadikira milungu itatu.

Chaka china kunali filimu imene ankati yakokolola mphoto zonse. Achemwali anaikamba mpaka ine kuyamba kuilota ndisanaione. Itafika tinapangana kuti tionere Lamlungu masana, tikachoka kutchalitchi. Ine ndinaphika chimanga chachiwisi, iwo anatchajiratu laputopu kuntchito. Tinaitananso mayi eninyumba, amene anabwera ndi lichero la nyemba zoti azisankha.

Filimu inayamba ndi bambo wina atakhala pawindo. Mkazi wake anali atamuchokera. Bamboyo anaphika tiyi, osamwa, n'kubwereranso pawindo pomwepo. Panatha theka la ola zili choncho.

"Kodi ameneyu akudwala?" anafunsa mayi aja.

"Ayi mayi, akuganiza," anayankha achemwali.

"Kuyambira muja? Alibe munda eti?"

Kenako mvula inayamba kugunda malata, mawu osamvekanso. Achemwali anasendera pafupi n'kumatiwerengera mawu olembedwa m'munsi, koma nawonso anali owerengeka. Munthu akangolowa m'nyumba ya bamboyo, achemwali ankati, "Apa ndiye ziyambika." Sizinayambike. Pomaliza bambo uja anatseka chitseko, kunada bii, mayina n'kuyamba kuyenda. Achemwali anaganiza kuti fulashi yawonongeka. Anabweza m'mbuyo kawiri, koma mathero ake anali omwewo.

Ndinaona kuti achemwali zawapweteka, chifukwa anali atatiitana ngati munthu woitanira anzake phwando.

"Mwina ndife amene sitikumva," anatero motsitsa mawu.

Mayi eninyumba anakutumula lichero lawo, n'kuimirira. "Mphotoyo akanapatsa ife amene tapirira mpaka kumapeto."

Achemwali anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Chaka chotsatira anatembenuzanso kalendala n'kuyamba kulemba. Nditawafunsa kuti kodi sanatope, anangoti, "Ina idzapezeka." Tinaonera ambiri ndithu pa zaka zinayi zimenezo. Ena anali abwinoko, ena tinkawasiyira panjira batire ikatha, osadandaula. Imene inatigwira mtima inali ya mayi wina wosoka zovala ndi mwana wake wamkazi amene sankamvana. Tonse atatu tinalira, nyemba tsiku limenelo sizinasankhidwe. Titafufuza tinapeza kuti sinalandire mphoto iliyonse. Mlongo wa achemwali uja anangoiponyamo poona kuti pa fulashi patsala malo.

Achemwali anawasamutsira kwawo kumpoto, ine ndinabwera kuno ku boma. Masiku ano mafilimu ndimaonera pa foni yanga, osadikira minibasi. Koma ikakhala yosakoma ndimangozimitsa, palibe womuyang'ana kumaso.

Mwezi wathawu achemwali anandiimbira.

"Mwaionera ya chaka chino?"

"Ndinagona ili pakati, achemwali."

"Ine ndinaimaliza. Simunaphonye kanthu."

Kuchoka apo anayamba kundiuza za mdzukulu wawo amene wayamba kukwawa, ndi za bondo limene likuwavuta pokwera masitepe a kuchipatala. Tinacheza mpaka foni yanga inatentha kukhutu.